Makalata a akazembe ndi mfuti ya pa mlatho wa Shanghai

Senderani kuno, adzukulu anga, mphepo ya Juni sinyengerera munthu. Iwe wamng'ono, sonkhezera chikunicho. Zimene ndikuuzeni lero si nthano ayi, ndiye pasapezeke wondiyankha kuti tili tonse. Kalulu mulibemo m'nkhaniyi, koma afisi muwamva ndithu.

Malume anga adapita ku Burma ndi asilikali a KAR mu 1944, kukamenyana ndi Ajapani m'nkhalango za kumeneko. Atabwerako sankakonda kukamba za nkhondo, koma akalawa wamasese dzina la Mjapani silinkachoka pakamwa pawo. Ife ana tinkayesa kuti Mngerezi ndi Mjapani adaonana koyamba kunkhalangoko, mfuti zili m'manja. Ndidadzazindikira ndili mphunzitsi kale, nditasanthula mabuku a mbiri yakale, kuti awiriwa adayamba akhalira bwalo limodzi zaka zambiri. Ankayendetsa mzinda umodzi, kutolera msonkho limodzi, apolisi awo akulandira malipiro pa ofesi imodzi. Mzindawo ndi Shanghai, ku China.

Tiyambire pa fodya woipa uja wotchedwa opium. Amalonda a ku Britain ankamugulitsa ku China, mfumu ya kumeneko idaletsa, Angerezi n'kubwera ndi sitima zankhondo. China idagonja, ndipo mu 1842 idasaina pangano la ku Nanking lotsegula madoko 5 kuti alendo azichitiramo malonda. Limodzi mwa madokowo lidali Shanghai. Angerezi adapatsidwa dambo lamatope m'mbali mwa mtsinje wa Huangpu, kunja kwa linga la mzinda wakale wa Atchaina. A ku America adakhazikika kutsidya kwa kamtsinje kotchedwa Soochow Creek, Afalansa nawo adatenga chigawo chawo. Mu 1854 alendowo adakhazikitsa khonsolo, Shanghai Municipal Council, ndipo mu 1863 dera la Angerezi ndi la a ku America adawaphatikiza kukhala International Settlement, ndiye kuti mudzi wa mitundu yonse. Afalansa adakana kulowa m'khola limodzi ndi anzawo, adadziyendetsera zawo paokha.

Musaganize kuti malowa adali ngati dziko lathu lino nthawi ya atsamunda. Kudalibe bwanamkubwa. Papepala nthaka idali ya China ndithu, alendo ankangobwereka, koma kubwereka kwake kopanda tsiku lobweza. Ndipo mlendo akalakwa sankaweruzidwa ndi bwalo la Atchaina, ankapita kubwalo la dziko lake. Mfundo imeneyi muisunge, tikaipezanso kutsogoloku itamera minga.

Khonsoloyo ndiyo inkamanga misewu, kuzimitsa moto, kuyang'anira misika ndi ndende. Idali ndi apolisi akeake: akuluakulu Angerezi, pansi pawo Asikhi a nduwira kumutu ochokera ku India, Atchaina, anthu a ku Russia amene adathawa kwawo, ndi Ajapani. Osankha makhansala adali alendo okhaokha, ndiponso okhawo okhala ndi malo kapena olipira lendi yokwera. Atchaina adali oposa miliyoni imodzi m'deralo, msonkho wochuluka unkachokera m'matumba mwawo, koma m'khonsolo adalowa mu 1928, magazi atakhetsedwa kale pa 30 Meyi 1925 pamene apolisi a khonsolo adawombera anthu ochita zionetsero pa Nanking Road. Pofika 1930 mipando idali 14: Angerezi 5, Atchaina 5, a ku America 2, Ajapani 2. Kagawidwe ka mipando ya alendoyo sikadalembedwe m'lamulo lililonse. Kudali kungomvana, monga achitira alenje pogawana nyama, wina mwendo, wina nthiti.

Apa m'pamene padagona nkhani. Japan sidali mlendo wogogoda pachipata ayi, idali m'kati mwa mpanda. Idali ndi mapangano ake ndi China ngati enawo, idali ndi mipando yake pabwalo, ndipo pofika 1935, mwa alendo osakwana 40,000 a m'deralo, oposa theka adali Ajapani. Ambiri ankakhala ku Hongkew, kumpoto kwa Soochow Creek. Ndiye Mjapani akafunsa kuti ochuluka ndife, nanga mipando iwiri yokha bwanji, Mngerezi ankasowa choyankha chogwira mtima. Koma Mtchaina akadawafunsa funso lomwelo onse awiri, onse akadazolika.

Mu Januwale 1932 Ajapani adamenyana ndi asilikali a China ku Chapei, dera la Atchaina loyandikana ndi Hongkew. Akazembe, wa Britain ali patsogolo, adalowererapo, pangano loleketsa nkhondoyo n'kusainidwa mu Meyi. Ulendo umenewo kukambirana kudathandiza, ndipo ndikhulupirira n'chifukwa chake akazembe adadzinamiza kuti kudzathandizanso. Pa 13 Ogasiti 1937 idabuka nkhondo yeniyeni. Mawa lake ndege za China, pofuna kuphulitsa sitima yankhondo ya Japan yotchedwa Izumo imene idakocheza mumtsinje, zidagwetsa mabomba pakati pa anthu, pa Nanking Road ndi pafupi ndi nyumba ya zisangalalo ya Great World. Adafa anthu oposa 1,000 tsiku limodzi, ambiri a iwo othawa nkhondo amene ankayesa kuti afika pabwino. Adamenyana miyezi itatu. Mu Novembala asilikali a China adabwerera m'mbuyo, Ajapani n'kuzinga mbali zonse. Dera la khonsolo ndi la Afalansa adatsala ngati chulu pakati pa madzi osefukira. Atchaina eniake ankati akukhala pa chilumba chayekha.

Komatu chulucho chidali chitagumuka kale mbali imodzi. Hongkew ndi Yangtzepoo, kutsidya kwa kamtsinje kaja, adali madera a khonsolo, ndipo n'kumene kudali mafakitale, madoko, makina opangira magetsi, malo oyeretsera madzi ndi ndende yaikulu ya pa Ward Road. Asilikali apamadzi a Japan adasandutsa maderawa msasa wawo, ndipo nkhondo itasunthira kumtunda iwo sadasunthe. Apolisi a khonsolo sankalowako mwaufulu. Pa Garden Bridge, mlatho wachitsulo wolumikiza mbali ziwirizi, padaima msilikali wa Japan ndi mfuti ya mpeni kunsonga. Mtchaina aliyense wowoloka ankayenera kuvula chipewa n'kuwerama. Wowerama mosakwanira ankalandira mbama, mwina kugogodwa ndi mfutiyo, kaya ndi nkhalamba kaya ndi mayi wobereka mwana. Chapafupi pomwepo padaima msilikali wa Britain, akungoyang'ana.

Ukufunsa kuti kazembe ndani, mdzukulu wanga? Ndi nthumwi imene dziko limakhazika kwa eni, yolankhula m'malo mwa boma lake. Alipo wamkulu wokhala kulikulu la dziko, aliponso ang'onoang'ono okhala m'mizinda ya malonda. Chida chawo ndi pakamwa ndi cholembera. Ndiye ankalemba. Pa 26 Ogasiti 1937 ndege ya Japan idawombera galimoto ya kazembe wamkulu wa Britain ku China, Sir Hughe Knatchbull-Hugessen, pamsewu wochokera ku Nanking, mbendera ya dziko lake ili pagalimotopo, ndipo adavulala kwambiri. London idalemba kalata yaukali, Tokyo idazengereza milungu ingapo kenaka idati ikumva chisoni, London n'kunena kuti nkhani yatha. Mu Novembala mayiko amene mu 1922 adalonjezana ku Washington kuti adzalemekeza malire a China adasonkhana ku Brussels. Japan idakana kupitako, osonkhanawo n'kubalalika atangosiya chikalata patebulo.

Pa 3 Disembala asilikali a Matsui Iwane, mkulu wankhondo wa Japan m'chigawocho, adaguba kudutsa pakati penipeni pa dera la khonsolo, kukondwerera kupambana kwawo. Adachenjezedwa kuti kutero n'kuputa mavu pachisa, koma sadamve. Pa Nanking Road Mtchaina wina adaponya bomba la m'manja, ndipo wapolisi wa khonsolo adamuwombera pomwepo. Ajapani adatseka misewu yozungulira malowo ngati mwawo, n'kuchoka usiku womwewo atadandaulidwa. Adachoka, inde, koma adali ataona pamene mpanda udafumbwa. Patangopita masiku 9, ndege zawo zidamiza sitima yankhondo ya America yotchedwa Panay mumtsinje wa Yangtze. Apo ndiye Tokyo sidazengereze: idapepesa msangamsanga, n'kudzalipira chipepeso choposa madola 2 miliyoni. Mafuta ndi zitsulo zoyendetsera nkhondo yawo ankagula kwambiri ku America, ndiye ankadziwa nkhokwe imene sayenera kuigenda.

Ndikufotokozereni mmene dandaulo linkayendera, pakuti ine zimandiseketsa ndi kundimvetsa chisoni nthawi imodzi. Tinene kuti asilikali a Japan agwira munthu mumsewu wa khonsolo, mmene sadayenera kugwira munthu. Mkulu wa apolisi auza mlembi wamkulu wa khonsolo, amene masiku amenewo adali Stirling Fessenden wa ku America. Khonsolo si boma, singalankhule ndi Tokyo, ndiye ilembera bungwe la akazembe a mumzindamo, m'mene kazembe wa Japan nayenso adali ndi mpando. Clarence Gauss, woimira America ku Shanghai, atumiza telegalamu ku Washington kwa nduna yake, Cordell Hull. Hull auza Joseph Grew, kazembe wake ku Tokyo. Grew avala jekete ulendo ku unduna wa zakunja, kumene Sir Robert Craigie wa Britain nayenso akupita ndi pepala lonena zomwezo. Nduna, kaya ndi Hirota Koki kaya Arita Hachiro amene adabwera pambuyo, imvetsera mwaulemu wonse, ilonjeza kufufuza. Yankho pomafika ku Shanghai, munthu uja ali kalekale m'chitolokosi cha Bridge House, likulu la Kempeitai, apolisi a asilikali a Japan.

Vuto lidali lakuti akazembe ankadandaula kwa ankhoswe, pamene mkamwini wovutayo ankhoswe akewo sankawamvera. Ku Japan masiku amenewo asilikali sadali pansi pa nduna ya zakunja, ngakhale nduna yaikulu imene. Ankati iwo amayankha kwa Mfumu yokha. Kuyambira 1936 nduna ya asilikali inkayenera kukhala msilikali amene akadali pantchito, kotero akakwiya ankangochotsa munthu wawo, boma lonse n'kugwa. Ndiye lonjezo la ku Tokyo pofika pa mlatho uja linkasungunuka ngati mchere m'madzi. Mbali inayi nakonso kudalibe chimvano chenicheni. Angerezi ankafuna kuti iwo ndi America azichitira zinthu pamodzi. Hull ankati aliyense alembe yake, ngakhale mawu afanane, poopa anthu akwawo amene sankafuna kumva zokokeredwa kunkhondo ya kutsidya kwa nyanja. Britain nayo maso adali pa Hitler ndi Mussolini. Doko lalikulu lankhondo la ku Singapore adalitsegula mu 1938, koma lidali khola lopanda ng'ombe, sitima zoikamo zinkafunika kwawo.

Choncho kalata iliyonse yokana inkayenda ndi kamphatso kumbuyo. Pa 1 Januwale 1938 khonsolo, wapampando wake ali Cornell Franklin, loya wa ku America, idalengeza kuti aliyense wochitira chiwembu asilikali m'deralo angathe kuperekedwa kwa asilikali omwewo. Sadatchule dziko, koma ndani sankadziwa kuti ochitiridwa chiwembu ndi ayani? Ajapani adafuna maudindo akuluakulu kupolisi, ndipo Akagi Chikayuki adaikidwa kukhala mmodzi wa achiwiri kwa mkulu wa apolisi. Nyuzipepala za Atchaina zidauzidwa kuti zichepetse ukali, zina n'kupeza nzeru yolembetsa dzina la mzungu ngati mwini wake, kuti zibisale kuseri kwa mbendera yake. Mu Meyi 1938 Craigie adagwirizana ndi Tokyo kuti msonkho wotoleredwa pamadoko olandidwa, ndi Shanghai yomwe, uzisungidwa ku Yokohama Specie Bank, banki ya Ajapani. Ndalamazo zidali za China, ndipo boma la China la Chiang Kai-shek silidasaine nawo. Mbuzi ya eni, osenda ndi ogawana ali ena.

Atchaina sadangokhala manja lende. Anthu a Chiang ankabisala m'dera la khonsolo n'kumapha anzawo ogwirizana ndi Ajapani. Mu Febuluwale 1939, pa chikondwerero cha chaka chatsopano cha Atchaina, adapha Chen Lu, nduna ya zakunja ya boma limene Ajapani adaika ku Nanking. Imfa iliyonse yotere inkabala mndandanda watsopano wa zofuna za Japan, mpaka khonsolo idavomera kuti apolisi ake azithandizana ndi Kempeitai posaka anthu oterewa. A mbali ya Japan nawo adatsegula nyumba yawo yozunzirako anthu pa nambala 76 Jessfield Road, imene anthu ankangoitchula kuti 76, motsitsa mawu. Nyumbayi idali kumadzulo, kumene khonsolo idamanga misewu kunja kwa malire ake zaka za m'mbuyo. Kumeneko msewu udali wa khonsolo, koma nthaka ya m'mbali mwake idali ya boma la mzinda la Atchaina, limene tsopano linkamvera Japan. Wakuba ankangodumpha ngalande, wapolisi n'kutsala atagwira m'chiuno. Njuga, opium ndi kuba anthu zidamera ngati bowa, apolisi a mbali ziwirizi nthawi zina n'kumawomberana okhaokha.

Mu Meyi 1939 Tokyo idaleka zozungulira. Idauza Grew ndi Craigie kuti malamulo oyendetsera deralo, otchedwa Land Regulations, ndi akalekale, akonzedwenso, ndipo Ajapani apatsidwe mawu okulirapo. Yankho la America, limene la Britain lidafanana nalo, ine ndimaliyesa kalata yanzeru koposa mwa onse aja. Lidati malamulo angathe kukambidwa ndithu, koma osati nthawi ya chipwirikiti ngati ino, ndipo ngati Japan ikufunadi bata, iyambe yabwezera khonsolo madera a kumpoto kwa Soochow Creek. Chaka chimenecho malamulo sadasinthe. Hongkew nayonso sidabwezedwe.

Mwezi womwewo, kum'mwera, pa kachilumba ka Kulangsu pafupi ndi Amoy, kamenenso kankayendetsedwa ndi khonsolo ya alendo, Ajapani adatsitsa asilikali apamadzi, munthu wina wowathandiza ataphedwa. Ulendo uno America, Britain ndi France sadathamangire cholembera chokha. Aliyense adatsitsa asilikali ake, ndipo pofika Okutobala nkhani idatha, khonsolo ya pachilumbapo ikadalipo. Tangoonani, kagulu ka anyamata a yunifolomu kadachita zimene mitolo ya makalata idalephera. Koma mu Juni, ku Tientsin kumpoto, asilikali a Japan adazinga dera la Angerezi ndi waya, n'kumawavula zovala pachipata anthu akuona, chifukwa cha Atchaina anayi amene ankawaganizira kuti adapha munthu wawo. Kumeneko Britain idali yokha. Mu Julayi Craigie adavomera pamaso pa Arita kuti asilikali a Japan ali ndi zosowa zapadera ku China zimene Britain siziwatsekereza, ndipo pambuyo pake anthu anayi aja adaperekedwa. Pa 26 Julayi America idalengeza kuti ikuthetsa pangano lake la malonda ndi Japan la 1911. A ku Shanghai ankawerenga zonsezi m'nyuzipepala m'mawa uliwonse, akudziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono imvani za chisankho cha mu Epulo 1940, pakuti apa m'pamene afisi adakumana pa fupa limodzi. Ajapani adaona kuti makalata akuwakaniza, ndiye adaganiza zolowera pakhomo la malamulo omwewo. Adaimika anthu 5 m'malo mwa 2 a masiku onse. Akadapambana onsewo, n'kukopa makhansala Atchaina amene ankagona ndi mantha a 76, khonsolo ikadakhala yawo popanda kuwomba mfuti. Koma voti ya ku Shanghai sinkawerenga mitu ya anthu, inkawerenga malo. Munthu mmodzi ankatha kuponya mavoti ambiri ngati akuimira malo ambiri olembetsedwa paderapadera. Ajapani adayamba kuchulukitsa maina awo m'kaundula, n'kumanyengereranso Ayuda othawa Hitler amene adadzaza Hongkew, pakuti Shanghai idali amodzi mwa malo ochepa kwambiri olowa popanda chitupa. Angerezi ataona choncho adangoseka chamumtima, popeza bawo limeneli adasema okha. Makampani awo, amene adali ndi malo ochuluka kuposa wina aliyense, adaduladula mapuloti awo papepala, puloti imodzi n'kuswa ana ambirimbiri, mwana aliyense ndi voti yake. Atawerenga, zidatuluka monga kale: Angerezi 5, a ku America 2, Ajapani 2. Adakondwera m'makalabu awo kuti ateteza ufulu wosankha. Ine ndikaganiza za anthu miliyoni aja amene pachisankho chimenecho adalibe voti n'imodzi yomwe, ndimangopukusa mutu.

Chikondwererocho sichidakhalitse. Mu Juni France idagwa m'manja mwa Germany. Mu Julayi Britain idatseka kwa miyezi itatu msewu wa ku Burma umene Chiang ankalandirira zida, ndipo khonsolo idapereka kwa boma la mzinda lomvera Japan mabuku a kaundula wa malo amene akuluakulu a China adaisungitsa pothawa. Chosungitsa, adzukulu anga, chosungitsa! Mu Ogasiti asilikali a Britain adanyamuka ku Shanghai. Padabuka mkangano woti alondere ndani pakati pa mzinda, pamene padali mabanki ndi maofesi a khonsolo. A ku America adati ndife, Ajapani adakana, mapeto ake ntchitoyo idagwera Shanghai Volunteer Corps, gulu la ongodzipereka limene ambiri mwa anthu ake adali makalaliki ndi amalonda ovala zausilikali akaweruka kuntchito.

Pa 23 Januwale 1941 okhoma msonkho adasonkhana pabwalo la mpikisano wa akavalo. Ndalama ya China idali itatha mphamvu, thumba la khonsolo litabooka, ndiye inkafuna kukweza msonkho ndi 40 peresenti. Wapampando wa khonsolo adali W. J. Keswick wa kampani ya Jardine Matheson, kampani imene idayamba kulemera ndi opium yemwe uja. Chodabwitsa n'chakuti Keswick ameneyu adabadwira ku Yokohama, ku Japan komweko. Mtsogoleri wa Ajapani okhoma msonkho, nkhalamba yotchedwa Hayashi Yukichi, adaima n'kutsutsa zokweza msonkhozo. Maganizo ake atagonja, nkhalambayo idayenda kupita kunsanja, idasolola mfuti yaing'ono n'kuwombera Keswick khamu lonse likuona. Padali chipwirikiti, msonkhano n'kuthera pomwepo. Keswick adavulala koma adachira.

Mukukumbuka mfundo ija ndidati muisunge? Khonsolo sikadatha kumuzenga mlandu Hayashi. Adali Mjapani, ndiye mwa ufulu womwe uja umene Angerezi adayamba kuulanda ku China ndi mizinga, adaperekedwa kwa akuluakulu a dziko lake, n'kukaweruzidwa ku Nagasaki, kumene adalandira chilango chopepuka. Diwa lotchera mbewa lidaphwanya chala cha mwini.

Patangotha miyezi itatu, mu Epulo, akazembe adagwirizana kuti chisankho chisachitikenso. Mbali ina ya malamulo aja, amene mu 1939 ankati ino si nthawi yowakhudza, adaiika pambali ndi manja awo omwe, n'kupanga khonsolo yongoyembekezera ya anthu 16 ochita kuloza: Atchaina 4, Angerezi 3, a ku America 3, Ajapani 3, ndi mmodzimmodzi wa ku Germany, Switzerland ndi Netherlands. Mngerezi ndi Mjapani tsopano adalingana mipando.

Zotsalazo zidathamanga. Mu Julayi America idatsekera chuma cha Japan, mafuta n'kusiya kupita. Kumapeto kwa Novembala asilikali a America, a 4th Marines, adaguba ndi bandi yawo kutsika Nanking Road n'kukwera sitima zopita ku Philippines. M'bandakucha wa pa 8 Disembala, ndege zikuphulitsa Pearl Harbor kutali uko, Ajapani adafika pa sitima ziwiri zazing'ono zankhondo zimene zidatsala mumtsinje. Ya America, Wake, adaigwira osawomba mfuti. Ya Britain, Peterel, mkulu wake Stephen Polkinghorn adakana kugonja, ndipo Izumo yomwe ija ndi zinzake zidaimiza. Kutacha asilikali adawoloka Garden Bridge, padalibe wowatsekereza. Khonsolo idauzidwa kuti ipitirize ntchito, ndipo idapitirizadi. Makalaliki ndi apolisi achingerezi adagwira ntchito miyezi yambiri pansi pa adani a mfumu yawo, zinyalala zikuwoledwa, msonkho ukutoleredwa. Mu Januwale 1942 wapampando womaliza wachingerezi, J. H. Liddell, adatula pansi udindo, pampandopo n'kukhala Okazaki Katsuo.

Akazembe aja, ulendo wawo wobwerera kwawo udadzera kufupi ndi kuno. Mu 1942 mbali ziwirizo zidasinthana akazembe ndi anthu ena pa doko la Lourenço Marques, limene lero ndi Maputo, chifukwa Portugal sidali nawo pankhondo. Mu Julayi Grew adafika pa sitima ya Asama Maru, a ku America ochokera ku Shanghai pa Conte Verde, onse n'kusamukira m'sitima ya Gripsholm. Craigie adadutsa pomwepo patapita milungu ingapo. Angerezi ndi a ku America otsala ku Shanghai adavekedwa nsalu zofiira pamkono, ndipo mu 1943 adatsekeredwa m'misasa monga wa Lunghua.

Chaka chomwecho deralo lidabwezedwa kwa eni ake kawiri. Pa 11 Januwale 1943 Britain ndi America adasaina mapangano ndi boma la Chiang, otaya ufulu wawo wonse wapadera ku China, pamodzi ndi dera limene panthawiyo sakadatha n'kupondamo komwe. Pa 1 Ogasiti Ajapani nawo adachita mwambo wopereka dera lomwelo kwa Wang Jingwei, mtsogoleri wa boma lowamvera la ku Nanking, asilikali awo ali chiimire mumzindamo. Khonsolo idathera pamenepo, itakhala zaka 89.

Okazaki uja mungamupezenso pa chithunzi cha pa 2 Sepitembala 1945, pa sitima ya Missouri, ataima kumbuyo kwa akuluakulu a Japan osaina kugonja. Mu 1952 adakhala nduna ya zakunja ya dziko lake, n'kumalandira akazembe a America ndi Britain ngati abwenzi. Paunyamata wake adali wothamanga mtunda wautali, adapikisana nawo pa Olimpiki ya ku Paris mu 1924. Malume anga za iye sadamvepo. Iwo ku Burma adabwerako ndi malungo, ndi chijasi chausilikali chimene tinkafunda ana anayi nyengo yozizira ngati ino.